Mwana wangoti zii chichokereni makolo ake: kodi za m'nyumba zimatsaliradi mwa mwana?

NaBanda_Chilinde
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe ikundisowetsa tulo. Ndikusunga mwana wa achimwene anga, mtsikana wa zaka 8. Bambo ake ndi mayi ake onse ali ku Johannesburg, anapita kukasaka ntchito. Asanapite, m'nyumba mwawo munali phokoso la tsiku ndi tsiku, kutukwanizana, mwina mpaka kumenyana mwana akuona. Panopa wayambiranso kukodza pogona, chinthu chomwe anasiya kalekale. Akaweruka kusukulu amangokhala kuseri kwa nyumba n'kumakanda pansi ndi kamtengo, anzake akusewera fulaye pabwalo pomwepo. Chitseko chikangomenyetseka ndi mphepo amadzidzimuka n'kugwira m'makutu. Apongozi anga akuti ndi mwano chabe, kachikwapu kangapo zitha. Bambo a kunyumba akuti ana amaiwala msanga, timusiye. Mtima wanga ukukana zonse ziwiri. Alipo anawerengapo zomwe ofufuza anapeza pa nkhani zotere? Kodi zomwe mwana amaona m'nyumba zimakhaladi mwa iye, kapena ndikungodandaula ndi zosadandaulitsa?

Jekete77
Ife tinakulira chikwapu ndipo lero tili bwinobwino. Ana a masiku ano mukuwagwira ngati mazira, n'chifukwa chake akuvuta. Mverani apongozi anuwo, anaona zambiri.

Namwino_waKumpoto
A Jekete, mwanayu walakwa chiyani kuti akwapulidwe? Munthu ali m'tulo sadziwa kuti wakodza. Amayi, musanaganize zambiri pitani naye kaye kuchipatala akamuyeze mkodzo. Likodzo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga, ngakhale kudzimbidwa kumene, zonsezi zimatha kubwezera mwana m'mbuyo chonchi. Akapeza kuti m'thupi muli bwino, ndiye tiyang'ane kumtima. Mwana yemwe anasiya kukodza pogona akayambiranso, kawirikawiri pamakhala china chomwe chamugwedeza: maliro, kusamuka, kubadwa kwa mng'ono wake, kapena ndewu za makolo. Wanuyu zamugwera ziwiri pakamodzi, ndewu ndi kusiyidwa. Pakadali pano muyalireni pulasitiki pansi pa chitenje, azikodza asanagone, ndipo m'mawa muzichapa naye zofundazo mwakachetechete. Chomwe ndikupemphani kwambiri, zisamayanikidwe ana ena ali pomwepo akuseka.

Aphunzitsi_aDowa
Mawu akuti ana amaiwala msanga ndimawamva pafupifupi pamsonkhano uliwonse wa makolo, koma m'kalasi sindiona choncho. Mwana amene kwawo kunali ndewu usiku umamudziwa m'mawa. Wina amasinza, wina amamenya mnzake chifukwa cha pensulo, wina amangokuyang'ana pankhope kuti aone ngati wakwiya, zomwe ukulemba pabolodi alibe nazo ntchito.

Ku America kuli katswiri wina, E. Mark Cummings wa ku yunivesite ya Notre Dame, amene wakhala akufufuza nkhani imeneyi kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Iye ndi anzake ankaika ana a zaka ziwiri m'chipinda akusewera, kenako akuluakulu awiri n'kuyamba kukangana mwadala chapafupi pomwepo. Anawo ankasiya kusewera, ena kulira, ndipo mkangano ukatha ankayamba kukankhana ndi kulandana zidole kuposa poyamba. Komatu awa anali alendo akukangana, osati makolo awo.

Chomwe chinandigwira mtima pa kafukufuku wawo ndi ichi: mwana sayang'ana mkangano wokha, amayang'ananso mathero ake. Akuluakulu akapepesana n'kugwirizana iye akuona, mantha ake amatsika kwambiri. Ngakhale atakagwirizanira kuchipinda, bola mwana auzidwe kapena aone kuti anthu ayambanso kuseka, zimathandiza. Koma kusalankhulana kuja, kungodutsana m'nyumba sabata yathunthu, nako kumamuvulaza. Ndiye taganizani za mwana wa a NaBanda. Ndewu anaziona zonse, mathero ake sanawaone, anangoona anthu akukwera basi.

NaBanda_Chilinde
Aphunzitsi, mawu anu omalizawo andilasa. Usiku wina anandifunsa kuti, “Azakhali, kodi kumeneko akumenyanabe?” Ndinasowa chomuyankha.

WaChanco_24
Ndiwonjezerepo pa za aphunzitsi, poti ndi zomwe tikuphunzira. Kafukufuku yemwe amatchulidwa kwambiri ndi wa ku San Diego ku America, wotsogozedwa ndi madokotala Vincent Felitti ndi Robert Anda pakati pa 1995 ndi 1997. Anafunsa akuluakulu oposa 17,000, ambiri mwa iwo anthu ophunzira ndi okhala ndi inshulansi ya chipatala, za zomwe anakumana nazo asanakwanitse zaka 18: kumenyedwa, kutukwanidwa, kugwiriridwa, kuona mayi awo akumenyedwa, kukhala ndi chidakwa m'nyumba, kapena wodwala maganizo, kapena wina kumangidwa. Oposa theka anali ndi chimodzi kapena kuposa mwa zimenezi. Amene anali ndi zinayi kapena kuposa, mpata woti anayeserapo kudzipha unali wokwera pafupifupi ka 12 poyerekeza ndi amene analibe n'chimodzi chomwe, ndipo wa uchidakwa pafupifupi ka 7. Ngakhale matenda a mtima ndi a chiwindi anapezeka ochuluka mwa iwo.

Koma tisawerenge manambalawa ngati chiweruzo cha mwana mmodzi. Akunena za gulu lonse. Ambiri mwa anthu amene anakumana ndi zinayizo sanayesepo kudzipha. Komanso anthuwa ankakumbukira zakale atakula kale, ndipo kukumbukira kumaphonya. Chomwe kafukufukuyu anasonyeza bwino n'chakuti mavuto akamawunjikana, chiopsezo chimakwera limodzi nawo. Ndiye kwa mwana amene ali kale ndi ziwiri, nzeru n'kusamuwonjezera chachitatu.

Jekete77
San Diego, Notre Dame, zonsezi ndi za azungu. Mwana wa mzungu amagona chipinda chakechake ali khanda. Wathu amakulira kumsana, amadya m'mbale imodzi ndi abale ake. Musatiphatikize.

WaChanco_24
Achimwene, funso lanu ndi lomveka, ndipo akatswiri ambiri amadandaula zomwezo, kuti kafukufuku wochuluka wa za maganizo anachitikira ku America ndi ku Ulaya. Koma pa nkhani iyi ya mwana ndi womulera, chiyambi chake china ndi kuno ku Africa. Mary Ainsworth, amene anagwira ntchito ndi katswiri wa maganizo a ana John Bowlby ku London, anakhala ku Uganda mu 1954 ndi 1955, akuyendera mabanja 26 m'midzi ya pafupi ndi Kampala. Ankakhala pakhonde maola angapo n'kumangoyang'ana. Anaona kuti mwana wokwawa amachoka pamiyendo pa mayi ake, kupita kukagwira ichi ndi icho, kenako n'kucheuka kuona ngati mayi akadalipo, n'kubwerera, n'kuchokanso. Ana amene mayi awo ankawadziwa bwino ndi kuwayankha msanga akalira ndiwo ankalira pang'ono ndi kuyenda molimba mtima. Anaonanso kuti mwana amatha kukhulupirira anthu angapo, osati mayi yekha. Zomwe anakachita pambuyo pake ku Baltimore zinali kuyesa ngati zomwe anaona mwa ana a Chiganda zilinso mwa ana a ku America.

Dada_wakuLeeds
Ine ndimagwira ntchito yoyang'anira ana kuno ku England, ndiye nkhani ya chikwapu ndimakumana nayo kawirikawiri, ngakhale ndi abale athu omwe ochokera kumudzi. Funso la a Jekete, loti mwina kumene kukwapula n'kozolowereka sikuvulaza, linafufuzidwapo. Jennifer Lansford wa ku yunivesite ya Duke ku America ndi anzake anatulutsa zotsatira mu 2005 kuchokera m'mayiko 6: Kenya, India, China, Thailand, Philippines ndi Italy. Anapeza kuti n'zoona, kumene mwana amaona kuti aliyense amakwapulidwa, kuvulala kwake mumtima kumachepako. Koma sikutha. M'mayiko onsewo, Kenya yomwe, ana okwapulidwa kwambiri ndiwo anali ndi nkhawa ndi ndewu zochuluka. Mu 2016 Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka 50 wokhudza ana oposa 160,000, ndipo sanapeze umboni woti kukwapula kumakonza khalidwe la mwana. Anapeza zosiyana ndi zimenezo.

Ndipo kwathu komweko, kafukufuku wa boma wa nkhanza kwa ana wa mu 2013 anapeza kuti anyamata pafupifupi awiri mwa atatu ndi atsikana awiri mwa asanu anachitidwapo nkhanza za kumenyedwa ali ana. Tikamati “tili bwinobwino” tizikumbukiranso anzathu amene tinakula nawo, amene lero amafika pamowa m'mawa, kapena amene akazi awo amagona ndi mantha. Iwonso anakulira chikwapu chomwecho.

WakuChipata
Kuno ku Zambia lamulo la ana la mu 2022 linaletsa kumenya mwana paliponse, ngakhale kunyumba. Ku South Africa khoti lalikulu linagamula zomwezo mu 2019. Koma kunena zoona, m'makomboni muno zikwapu zikulirabe. Lamulo palokha silinasinthe manja a anthu.

Mkulu_waMpingo
Ndikumva zonsezi, ndipo pa za mwana wokodza pogona ndikugwirizana ndi anamwino, ameneyo sayenera ndodo. Koma ndifunse moona mtima. Mnyamata wa zaka 13 akaba ndalama ya ndiwo, kapena akatukwana mayi ake, titani? Mukatichotsera ndodo mutipatse china m'manja. Makolo ambiri samenya chifukwa cha nkhanza, amamenya chifukwa akuopa kuti mwana awonongeka.

Dada_wakuLeeds
Bambo, mwafunsa bwino, ndipo mantha amenewo ndi enieni. Ku Eastern Cape anayesa pulogalamu yotchedwa Sinovuyo, motsogozedwa ndi Lucie Cluver wa ku Oxford pamodzi ndi anzake a ku South Africa. Mabanja 552 a m'midzi ndi m'makomboni 40, ambiri osauka, ena olera ana ndi agogo. Kholo ndi mwana wachinyamata ankabwera limodzi kamodzi pa sabata, maulendo 14. Zomwe ankaphunzira si zachilendo: kukhala ndi nthawi ya awiri basi, kuyamikira mwana akachita bwino osangodikira kuti alakwe, kupangira limodzi malamulo a m'nyumba ndi chilango chake zisanachitike, kudziletsa mkwiyo ukakwera, ngakhalenso kulinganiza ndalama za pamwezi pamodzi. Zotsatira za mu 2018 zinaonetsa kuti olera ana anachepetsa kumenya, anayamba kudziwa komwe ana awo ali, ndipo iwo eni kukhumudwa kunachepa.

Pa wakuba ndalama ya ndiwo uja: abweze. Agwire ntchito ina yake mpaka ndalamayo ikwane, ndipo akapepese kwa amene anamubera. Chilango chimenecho chimatenga masiku ndipo chimatopetsa kholo kuposa chikwapu, koma mwana amaona kulemera kwa zomwe anachita.

Jekete77
Kuyamikira mwana chifukwa watsuka mbale? Si ntchito yake imeneyo?

Aphunzitsi_aDowa
Ndi ntchito yake, inde. Inunso kuntchito kwanu mumagwira ntchito yanu, koma abwana akati “mwachita bwino” mawa lake mumalawirira. Yesani sabata imodzi muone.

BamboAMapasa
Ine ndili ndi chikaiko china. Ndili ndi mapasa, mnyamata ndi mtsikana. Bele limodzi, mphasa imodzi, makolo omwewo. Mtsikana saopa chilichonse, amalonjera mlendo aliyense. Mnyamata mlendo akangolowa amabisala kuseri kwa mayi ake, wakhala choncho chibadwire. Ndiye mukamati zonse ndi kaleredwe, ine ndimadabwa. Zina si zakumtundu kodi? Ndikuopa kuti tiyamba kuloza chala amayi pa chilichonse chomwe mwana wachita.

WaChanco_24
Bambo a mapasa, mukunena zoona, ndipo ofufuza ali mbali yanu pamenepa. Kafukufuku wa mapasa ndi wa ana oleredwa ndi anthu ena amasonyeza kuti chibadwa chili ndi gawo lalikulu. Pa matenda a kukhumudwa, gawo la zotengera kumtundu amaliyerekeza pakati pa 30 ndi 40 peresenti. Izi zimasokonezanso kafukufuku wina uja, chifukwa bambo waukali amapatsira mwana zinthu ziwiri, magazi ake ndi nyumba yaphokoso, ndiye kusiyanitsa chomwe chavulaza mwana n'kovuta. Komanso mwana naye amasintha kholo: mwana wovuta amakalipiridwa kwambiri kuposa wofatsa.

Pomwe ndikusiyana nanu pang'ono ndi apa. Kafukufuku wa mapasa ambiri anachitika m'mabanja wamba, momwe ana amadya, amakondedwa, sakuzunzidwa. M'mabanja otero, kusiyana pang'ono kwa kaleredwe sikusintha zambiri, ndiye makolo asamadzizunze ndi tinthu tating'ono. Koma nkhanza ndi kutayidwa ndi nkhani ina. Ndipo mnyamata wanu wamanyaziyo, chibadwa chakecho chimatanthauza kuti phokoso lomwe mlongo wake angalipirire, iye lingamulowe kwambiri.

Mlongo_wakuJoni
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndilankhuleko ife amene tinasiya ana. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno, ndimalera ana a eni ake pamene anga awiri ali ndi mayi anga ku Mangochi. Musaganize kuti sitidziwa. Mwana wa abwana akandithamangira pobwera kusukulu, ndimaganiza za wanga amene akuthamangira agogo ake. Koma ndikanakhala kumudzi, fizi ikanachokera kuti? Malata a nyumba akanachokera kuti? Ndiye ofufuza anuwo akutiuza chiyani ife, tibwerere tidzafe ndi njala limodzi?

Dada_wakuLeeds
Achemwali, inenso ndinasiyapo mwana ndisanamutenge, ndiye sindingakuweruzeni. Sindikubisiraninso: mu 2018 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasonkhanitsa kafukufuku 111 wa ana osiyidwa ndi makolo opita kutali kukagwira ntchito, ndipo anawo anapezeka ndi kukhumudwa ndi nkhawa zambiri kuposa anzawo. Koma ambiri mwa kafukufukuyo anali a ku China, ndipo zimadalira kwambiri kuti mwana watsala ndi yani.

Apa ndimakonda kukumbukira za pachilumba cha Kauai ku Hawaii. Emmy Werner ndi Ruth Smith anatsatira ana onse 698 obadwa kumeneko mu 1955 mpaka atafika zaka 40. Mwa ana amene anabadwira m'mavuto aakulu, umphawi, uchidakwa, mabanja osweka, mmodzi mwa atatu anakula bwino ndithu, wodzidalira ndi wosamala ena. Atafufuza chomwe chinawasiyanitsa, chimodzi chomwe chinkabwerabwera chinali chakuti anali ndi wamkulu mmodzi wokhazikika amene ankawasamala. Nthawi zambiri sanali mayi kapena bambo. Anali agogo, azakhali, mkulu wawo, mphunzitsi. Ana anu ali ndi mayi anu. Chomwe mungachite muli konko, muziimba pa tsiku ndi nthawi yodziwika, osaphonya, ndipo musamalonjeze kubwera pa Khirisimasi ngati simunatsimikize.

Mlongo_wakuJoni
Kuimbako ndiye nkhani ina. Bandulo ya kumudzi imatha vidiyo isanafike pakati, ndipo mayi anga ayenera kukwera pachulu kuti netiweki igwire.

Dalaivala_M1
Tumizani mawu ojambula pa WhatsApp, sadya bandulo ngati vidiyo, ndipo mwana amatha kuwabwereza kangapo. Komanso amene mukufuna kubwera mu Disembala gulani matikiti msanga. Pa Beitbridge nthawi imeneyo mzere wake ndi wosasimbika, ukawoloka ukadikirenso pa Nyamapanda, kenako pa Mwanza.

WakuChipata
Nanga katundu wa ana, zovala ndi nsapato, mumatumiza pa basi kapena pa malole? Mchemwali wanga anatumiza chikwama chinafika chotsegula.

Dalaivala_M1
Mangani ndi tepi ponseponse, mulembe dzina mbali zonse, ndipo mujambule chithunzi musanapereke.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za katundu zili ndi malo ake pagulu lino. Tibwerere kwa mwana.

Mai_aTadala
Ine maganizo anga, ngati zikukulemerani a NaBanda, pali nyumba zosungirako ana zomwe zili ndi chakudya chabwino, mabedi, sukulu yaulere. Mwina kumeneko angasinthe mpweya.

Namwino_waKumpoto
Mai a Tadala, ndikudziwa mwanena mwachifundo, koma apa ayi. Mwana amene akulira chifukwa chosiyidwa, kumusamutsanso ndi kumuuza kuti azakhali nawonso amutaya.

WaChanco_24
Pa nyumba za ana pali umboni wolimba kwambiri, wochokera ku Romania. Ulamuliro wa Ceaușescu utagwa mu 1989, dziko linaona ana masauzande ambiri ali m'nyumba za boma, makanda atangogonekedwa m'timabedi, wolera mmodzi pa ana ambirimbiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah anatenga ana 136 a m'nyumba zotere ku Bucharest. Theka, mwa maere, anapita kukaleredwa m'mabanja, theka anatsala. Opita m'mabanja anaposa anzawo pa nzeru, pa chilankhulo ndi pa kukhulupirira anthu, makamaka amene anachoka asanakwanitse zaka ziwiri. Chakudya ankalandira onse. Chomwe chinkasowa ndi munthu mmodzi amene mwanayo ndi wake.

Kuti ndisakondere: kafukufuku wa Kathryn Whetten wa mu 2009, m'mayiko asanu kuphatikizapo Tanzania, Kenya ndi Ethiopia, anapeza kuti ana amasiye a zaka 6 mpaka 12 okhala m'nyumba zosungira ana sanali oipirapo kuposa okhala kwa abale. Tonse tikudziwa chifukwa chake, kwa abale kwina mwana wamasiye amasanduka wantchito. Ndiye dzina la malo silokwanira, funso ndi lakuti kumeneko alipo amene amamufuna? Kwa a NaBanda alipo, taona tonse.

NaBanda_Chilinde
Sapita kulikonse, ameneyu ndi wanga. Kuchipatala tipita Lolemba. Ndalankhulanso ndi achimwene, ndawauza kuti akamaimba aziimba onse awiri pamodzi ndi alamu, mwana awamve akulankhulana bwino, ndipo ngati zawo sizinathe akawapeze ankhoswe a konko. Zikomo nonse. Pitirizani, ndikuwerenga.

Jekete77
Chabwino, za mwanayu ndamva. Koma zonse mukunenazi, kucheza ndi mwana, kumuyamikira, ndi za anthu okhuta. Munthu wachoka mamawa kukasaka ganyu, wabwera usiku chimanjamanja, ana akulira njala, mukufuna aziseka nawo? Vuto ndi umphawi basi.

Aphunzitsi_aDowa
Apa a Jekete mwagunda penipeni, ndipo sindikutsutsani. Ku North Carolina, Jane Costello ankatsatira ana 1,420, ena mwa iwo a mtundu wa Cherokee. Kafukufuku ali mkati, mtunduwo unatsegula nyumba ya juga n'kuyamba kugawana phindu, munthu aliyense kulandira. M'mabanja amene anatuluka mu umphawi chifukwa cha ndalamazo, ndewu ndi kusamvera kwa ana zinatsika mpaka kufanana ndi za ana amene sanasaukepo. Palibe amene anaphunzitsa makolowo kalikonse. Atafufuza chifukwa, anapeza kuti makolo anayamba kupeza mpata woyang'anira ana awo. Koma nkhawa ndi kukhumudwa kwa anawo sizinasinthe, ndiye ndalama zinachiza zina n'kusiya zina.

Kwathu kuno, ku Zomba mu 2008 ndi 2009, Sarah Baird ndi anzake anayesa kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Kuvutika maganizo kwa atsikana apasukulu kunatsika pamene ndalama zinkabwera, ndipo zitasiya phindulo linazimirira. Panalinso chinthu china chomwe sindichiiwala: pamene ndalama ya makolo inkadalira kuti mtsikana asajombe kusukulu, ikakula, mtendere wa mtsikanayo unkachepa, chifukwa chakudya cha banja lonse chinali paphewa pake. N'chifukwa chake ine ndimaona Mtukula Pakhomo ngati nkhani ya maganizo a ana, osati ya m'mimba mokha.

Gogo_Nachisale
Ana anga, ndalembetsa kwa mdzukulu wanga chifukwa maso avuta. Ife tinalera ana opanda ndalama, koma madzulo kunali nthano, kunali nyimbo, mwana ali kumsana umalankhula naye ukusinja. Lero ndimaona mayi akuyamwitsa maso ali pafoni, mwana akumuyang'ana iye osamuona. Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino. Tinkaona amayi akumenyedwa tonse n'kukhala chete, ndipo ana a m'nyumba zimenezo tinkawadziwa ndi maso awo. Koma kucheza ndi mwana sikufuna ndalama.

WaChanco_24
Agogo, zomwe mwanenazi zinayesedwa ku Jamaica. Mu 1986 ndi 1987, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anatenga ana 129 opinimbira a m'makomboni osauka a ku Kingston, a miyezi 9 mpaka 24. Ena ankalandira mkaka. Ena ankayenderedwa ndi mlangizi wa zaumoyo ola limodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, kuphunzitsa mayi kusewera ndi kulankhula ndi mwana, ndi zidole zopanga okha kuchokera ku mabotolo ndi nsalu. Phindu la mkaka linazimirira anawo akukula. La kusewera linakhala. Atafika zaka 17 ndi 18 anali ndi nkhawa ndi kukhumudwa kochepa, pa zaka 22 ankachita ndewu zochepa, ndipo ankapeza ndalama zoposa anzawo ndi 25 peresenti. Amayi ake anali osauka omwewo, a Jekete. Ndiye inu ndi agogo nonse muli ndi mbali yanu. Sukulu zathu za mkombaphala zikanakhala ndi alezi ophunzitsidwa bwino ndi olipidwa, zikanachita zambiri zotere.

Bambo_Watsopano
Pepani kulowerera, koma mawu a agogo andikumbutsa zanga. Akazi anga anachira miyezi itatu yapitayo, mwana wathu woyamba. Foni sagwira n'komwe, koma mwana samuyang'ana. Amamuyamwitsa atayang'ana kukhoma, amalira okha usiku, akuti ndi mayi wosathandiza. Amayi anga akuti ndi ulesi. Kodi mwana wa miyezi itatu angazindikire zimenezi? Nanga nditani?

Namwino_waKumpoto
Bambo, mwachita bwino kufunsa. Si ulesi. Zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda a kukhumudwa amene amagwira amayi akangochira, ndipo ndi ofala. Ku Khayelitsha, ku Cape Town, kafukufuku wa mu 1999 anapeza mayi mmodzi mwa atatu ali nawo mwana ali ndi miyezi iwiri. Ku Thyolo, Robert Stewart ndi anzake anapeza kuti ana a amayi ovutika maganizo ankatsalira pa msinkhu.

Khanda limazindikira, inde. Edward Tronick anasonyeza izi m'zaka za m'ma 1970: mayi akusewera ndi khanda, kenako n'kuumitsa nkhope mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Mwana amamwetulira kuti amukope, amatambasula manja, amakuwa, zikakanika amatembenuza nkhope n'kuyamba kulira. Koma mayi akayambanso kumuseka, mwana amabwerera msanga. Ndiye musataye mtima, pa miyezi itatu palibe chomwe chatayika, ndipo matendawa amachizika. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anasonyeza kuti odwala ankapeza bwino ndithu.

Chitani izi. Pa sikelo yotsatira mupite nawo, ndipo muuze namwino kapena dokotala zomwe mwatiuza pano, osangoyezetsa mwana n'kubwerera. Pachipatala cha boma cha m'boma lanu funsani wa za matenda a maganizo, ndipo ngati muli ku Mzuzu kapena ku Lilongwe kulinso a St John of God. Usiku muzimutenga mwana inuyo akatha kuyamwa kuti mayi agoneko, ndipo masana muzimunyamula, kumuyang'ana m'maso, kumulankhula, chifukwa nkhope yanu nayo imamukwanira pamene mayi akuchira. Amayi anu muwafotokozere inu nomwe, mwaulemu, kuti awa ndi matenda. Koma akazi anu akangotchula zofuna kudzipha kapena kuvulaza mwana, kapena akayamba kulankhula zosamveka ndi kusagona konse, musadikire tsiku la sikelo, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo ndipo musawasiye okha.